Ndimakonda anthu ndi kuphika: kodi ntchito ya m'hotela ikundiyenera?

Funso: Ndine mtsikana wa zaka 19, kwathu ndi ku Salima. Ndinakhoza mayeso a MSCE ndipo mtima wanga uli pa ntchito ya m'mahotela, chifukwa ndimakonda kucheza ndi anthu komanso kuphika. Bambo akuti ndipite ku uphunzitsi, mayi akuti ntchito ya m'hotela imaononga atsikana. Fizi yake abale achita kusonkherana ndiye sindikufuna kuitaya pachabe. Ndidziwa bwanji kuti ntchitoyi ikundiyenera?

Yankho: Achemwali, pa zonse mwalembazi chimene chandigwira mtima ndi chakuti ndalamayo ndi yosonkherana. Ndiye ndikuyankhani mosapsatira, monga munthu amene wakulira m'ntchito imeneyi ndipo amaikonda.

Kukonda anthu ndi poyambira pabwino, koma si kumene kumasunga munthu m'hotela. Pafupifupi aliyense wobwera kudzafunsira ntchito amanena mawu omwewo, ndipo ambiri amanena zoona. Amene amasiya chaka chisanathe, sikuti anasiya kukonda anthu. Chimawachotsa ndi nthawi, miyendo ndi mtima. Zitatuzi simungaziyeze muli pakhonde kunyumba, kapena poyang'ana zithunzi za atsikana ovala yunifomu pa Facebook. Muyenera kukalowera khomo la kuseri, la antchito, musanalipire ngakhale tambala kusukulu iliyonse.

Tiyambe ndi nthawi, pakuti ndi imene imapweteka kwambiri ndipo achinyamata saiganizira. Hotela satseka. Tsiku limene anthu onse akupuma ndi limene inu mumagwira ntchito yambiri. Inu a ku Salima mukudziwa mmene Senga Bay amadzazira pa 15 October, tsiku la anakubala, mabasi ndi maminibasi atandandana kuchokera ku Lilongwe. Anthu onsewo akubwera kudzasangalatsa amayi awo, ndipo wowatumikirayo amayi ake ali kunyumba. Khirisimasi, Chaka Chatsopano, Pasaka, Eid, zonse chimodzimodzi. Loweruka ndi la maukwati, ndipo ukwati wa mnzanu wapamtima udzagwa Loweruka lomwelo limene hotela yalandira ukwati wa munthu wina. M'malo ambiri ntchito imayenda m'mashifiti: ena amalowa mbandakucha kuti chakudya cha m'mawa chikhale chitakonzeka alendo asanadzuke, ena amalowa masana n'kuweruka cha m'ma 10 usiku, ena amachezera. Sabata ino muli m'mawa, sabata yamawa muli usiku, tulo timasokonekera.

Ndiye dzifunseni moona mtima. Ngati ndinu wa kwaya, wa chigwirizano, kapena mumasunga Sabata mosaphonya, mudzatani dzina lanu likaikidwa pa shifiti ya tsiku limenelo? Alipo mabwana amene amamvetsa n'kukusinthanitsani ndi mnzanu wopembedza tsiku lina, koma zimenezi mumakambirana polowa ntchito, osati Lachisanu madzulo. Nanga maliro? Akamwalira kholo kapena m'bale weniweni, malo alionse olongosoka amakumasulani. Koma maliro a mnansi, a kumpingo, a azakhali a amuna anu, kawirikawiri mudzangopita kukapepesa mutaweruka, ndipo kumudzi adzakunenani kuti mwayamba kudzimva. Pali anthu amene zimenezi amazisenza bwinobwino, pali ena amene zimawadya mumtima chaka ndi chaka. Palibe wolakwa pa awiriwa, koma muyenera kudziwa kuti inu ndinu uti. Ganizirani ndi za mayendedwe: mukaweruka usiku, kodi pali galimoto ya antchito, kapena mudzadalira kabaza mumdima?

Za thupi sindichulukitsa. Mudzaima tsiku lonse, mudzanyamula thireyi yodzaza, mudzakwera ndi kutsika masitepe. Wodwala msana kapena miyendo aganize kawiri.

Koma ndikufuna muone ntchitoyi pafupi, chifukwa aliyense wophunzira amadutsa m'zipinda ngakhale atafuna kudzakhala manijala. Mlendo watuluka. Mwagogoda, mwalowa, mwatsekula makatani ndi mazenera. Mukuchotsa nsalu zapabedi imodziimodzi, osati mokoka pamodzi, chifukwa m'menemo ndi mmene mumabisala ndolo, foni kapena pasipoti ya munthu. Mukugwada kusuzumira pansi pa bedi. Mukutambasula neti n'kuiyang'ana poyera kuti muone ngati yabooka, pakuti kabowo kamodzi kakwanira kuti mlendo agone akulimbana ndi udzudzu n'kudzuka ataida hotela yonse. Kubafa mukuchotsa tsitsi la munthu wosamudziwa pa kabowo kotulukira madzi, mukutsuka chimbudzi mpaka kunsi kwa mkombero kumene diso silifika, ndipo nsalu yopukutira kuchimbudzi siyandikira tambula yomwera madzi ngakhale mutafulumira bwanji. Kenako mwapeza ndalama zitatsalira m'kabati. Palibe amene wakuonani. Mukuzitenga kukazilembetsa kwa oyang'anira. Mukatha, mukuyalanso bedi mopanda khwinya, n'kupita ku chipinda chotsatira, ndipo zipindazo ndi zambiri, zonse zifunika kutha alendo atsopano asanafike masana. Mlendo amene adzagone mmenemo sadzakudziwani dzina, sadzakuthokozani. Ngati powerenga izi mwamva kuti pali kukoma kwake potseka chitseko cha chipinda chimene mwachikonza bwino, ngakhale wina asakuyamikeni, ndiye kuti muli nacho chinthu chimene sukulu singakupatseni.

Kuphika nakonso kuli pawiri. Kunyumba mumaphika chimene mwafuna, mumalawa, mumathira mchere mwa diso, ndipo akudyawo amakukondani kale. M'khitchini ya hotela mbale ya chambo imene yatuluka lero iyenera kufanana ndi ya dzulo ndi ya mawa, kukoma kwake, kukula kwake, ngakhale kaikidwe kake, chifukwa mlendo walipira mtengo womwewo. Miyezi yoyamba simuyandikira n'komwe chiwaya cha shefu. Mudzasenda mbatatesi zodzaza ndowa, mudzadula anyezi mpaka misozi kuuma, mudzapala mamba a nsomba ndi kuzitumbula, mudzakwecha mapoto. M'khitchini mumatentha, anthu amalankhula mokuwa pamene maoda achuluka, ndipo palibe nthawi yopepesana mpaka moto utazima. Mudzaphunziranso kuti ukhondo ndi nkhani ya manambala: firiji isapitirire madigiri 5, nkhuku ipse mpaka pakati pake pafike madigiri 75, thabwa lodulira nyama yaiwisi lisakhudze saladi, zimene zinalowa poyamba m'stolo ndizo zituluke poyamba. Magetsi akazima usiku, funso loyamba m'mawa ndi lakuti nyama ya mufiriji ikadali bwino kapena itayidwe, ndipo wophika wabwino amalimba mtima kuitaya ngakhale bwana adandaule. Tonse tikukumbukira kolera wa 2022 ndi 2023 amene anapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Manja osasamba a munthu mmodzi m'khitchini angathe kudwalitsa ukwati wonse.

Tsopano za mtima. Mlendo adzakukalipirani pa chinthu chimene simunalakwe ndinu: madzi otentha sakutuluka, chakudya chachedwa, chipinda chimene analipira achipatsa wina. Inu ndi amene muli patsogolo pake, ndiye mkwiyo wonse ugwera inu. Ntchito yanu ndi kumvetsera mpaka amalize, kupepesa m'dzina la hotela, kukonza chimene chingakonzeke, n'kutembenukira kwa mlendo wotsatira ndi nkhope yoyera ngati palibe chachitika. Munthu wosunga mangawa, amene mawu amodzi achipongwe amamuzunguza mutu sabata yathunthu, amavutika kwambiri kuno. Wapsamtima naye sachedwa kuchotsedwa.

Komatu musasokoneze kutumikira ndi kudzichepsa ngati kapolo. Ife tinaleredwa kuti polankhula ndi wamkulu tiziyang'ana pansi, tizilankhula motsitsa, tisamafunse kawiri. Kunyumba ndi ulemu, koma patebulo la mlendo zimabweretsa mavuto. Weta amene sanamve bwino oda, n'kuvomera chifukwa cha manyazi, amabweretsa chakudya cholakwika, ndipo ngati mlendoyo ananena kuti mtedza umamudwalitsa, manyazi amenewo angathe kumugoneka m'chipatala. Muyenera kuphunzira kumuyang'ana munthu kumaso, kulankhula momveka, kunena kuti simunamve abwereze, ndi kubwereza oda yonse musanachoke patebulo. Ndipo pali chizolowezi chimodzi chimene chimandinyansa, ndikupemphani musadzachitengere: kuthamangira mzungu n'kumusiya Mmalawi mnzanu akudikira. N'kulakwa, komanso n'kusadziwa malonda, pakuti m'mahotela a m'tauni alendo ochuluka ndi anthu akonkuno, obwera kumisonkhano, kumaphunziro a kuntchito ndi kumaukwati. Pamene ndege zinasiya kubwera mu 2020, amene anatsala kuti malo ena asatsekeretu ndi iwowa.

Mawu a amayi anu musawataye. Iwo aona malo ena ogona alendo okhala ndi bala, kumene atsikana amalembedwa ngati ogulitsa mowa koma malipiro awo enieni amayembekezeka kuchokera kwa amuna obwera kudzamwa. Malo oterowo alipo, ndipo ena amalengeza ntchito ndi mawu okoma. Ngakhale m'hotela yolemekezeka mudzakumana ndi mlendo wokugwirani dzanja mopitirira, wokufunsani nambala, wokuitanirani kuchipinda, ndipo nthawi zina wovutitsayo amakhala wokuyang'anirani amene ali ndi mphamvu pa shifiti yanu. Ndikanakhala wabodza ndikanati sizichitika. Chimene chimasiyanitsa malo abwino ndi oipa ndi chimene chimachitika mtsikana akadandaula. Pamalo abwino pali malamulo odziwika: pokonza chipinda chitseko chimakhala chotsekula, simulowa nokha m'chipinda muli mlendo oyang'anira asakudziwa, ndipo mlendo wachipongwe amachenjezedwa kapena kutulutsidwa ngakhale ali ndi ndalama zotani. Lamulo la dziko lili kumbali yanu. Gender Equality Act ya 2013 imati kuvutitsa munthu pa nkhani zachisembwere ndi mlandu, ndipo wolakwa angathe kukakhala kundende zaka zisanu. Ntchitoyi payokha siiononga munthu. Ndagwira ndi amayi ambiri amene alera ana awo ndi kumanga nyumba ndi malipiro a m'hotela, mayina awo ali oyera. Koma muyenera kukhala munthu wotha kukana momveka, ndi wotha kusiya ntchito pamalo pamene kukana kwanu sikulemekezedwa.

Bambo anunso ali ndi mfundo. Mphunzitsi akalowa m'boma amadziwa kuti mwezi ukatha kanthu kabwera, ali ndi tchuthi, Loweruka ndi Lamulungu ali pakhomo. Kungoti nawonso omaliza maphunziro a uphunzitsi akhala akudikira nthawi yaitali asanalembedwe. Ku hotela malipiro oyambira ndi ochepa, ndipo musawerengere ndalama zimene alendo amasiya patebulo, chifukwa lero zilipo mawa palibe, ndipo wa m'khitchini ndi wochapa kawirikawiri sazionako pokhapokha pamalo pamene amaziika pamodzi n'kugawana. Ntchito imatsatanso nyengo. Kunyanja ndi kumalo osungira nyama alendo amachuluka m'miyezi yopanda mvula, kuyambira cha mu May mpaka October, kenako pa zikondwerero za kumapeto kwa chaka. Mvula ikalimba mu January ndi February malo ena amachepetsa antchito. Ndipo matenda a Covid-19 atafika kuno mu April 2020, antchito a m'mahotela anali m'gulu la oyamba kutumizidwa kunyumba. Amene akulowa ntchitoyi aphunzire kusunga ndalama pa nthawi ya zambiri.

Dziwaninso zimene lamulo limakupatsani, chifukwa achinyamata ambiri amadyeredwa masuku pamutu posadziwa. Employment Act ya 2000 imati maola a ntchito pa sabata asapitirire 48. Opitirira pamenepo ndi ovataimu, yolipiridwa kamodzi ndi theka, ndipo mukagwira pa tsiku lanu lopuma kapena pa holide ya boma, malipiro ake ndi owirikiza kawiri. Wogwira masiku asanu ndi limodzi pa sabata ali ndi tchuthi cha masiku 18 pa chaka. Pa penshoni, bwana amaika 10 peresenti ya malipiro anu, inu 5. Si malo onse amene amatsata zimenezi, n'chifukwa chake polowa ntchito muzipempha kalata yolembedwa yonena malipiro, maola ndi tsiku lopuma. Zikavuta, ku ofesi ya leba ya m'boma lanu ndi kumene mumayambira.

Mwina mukuti ndangonena zoopsa zokhazokha. Ubwino wake ulipo, ndipo ndi waukulu. Ndi ntchito zochepa zimene munthu angayambe akutsuka mbale n'kudzafika poyang'anira khitchini yonse, kapena kuyamba ndi thireyi n'kudzakhala woyendetsa hotela. Kuno amaona manja anu tsiku ndi tsiku, ndipo wakhama sabisika. Luso lake limayenda nanu: m'malesitilanti a ku Cape Town ndi Johannesburg muli Amalawi ambiri, ngakhale ndikuchenjezeni kuti wopita wopanda mapepala oyenera amalipidwa mwachinyengo ndipo alibe kodandaula. Luso lomwelo limakutsegulirani bizinesi yanu, yophikira maukwati ndi zinkhoswe, yophika makeke, kapena kamalo kodyera. Ndipo pali chimwemwe chimene sindingachifotokoze bwino, cha usiku umene anthu mazana adya, akhuta, palibe chimene chalakwika, ndipo inu ndi anzanu mwakhala pansi kuseri kudya zanu mukuseka.

Musaganizenso kuti hotela ndi ntchito imodzi. Wochezeka, wa Chingerezi chomveka ndi mutu wosunga mayina, malo ake ndi pa risepishoni kapena m'chipinda chodyera. Wofatsa, wosakonda zolankhulalankhula koma wa manja aluso, amakula bwino kophika buledi ndi makeke. Wa diso loona kachitsotso kalikonse amadzakhala woyang'anira zipinda. Wokonda masamu ali ndi malo ku stolo ndi kowerengera ndalama. Malonso ndi osiyana. Mahotela a Sunbird, monga Capital ku Lilongwe, Mount Soche ku Blantyre, Ku Chawe pa phiri la Zomba, Nkopola ku Mangochi ndi Livingstonia kwanu konko, kapena Ryalls ku Blantyre, ali ndi madipatimenti osiyanasiyana ndi makwerero oonekera. Ku loji yaing'ono ya ku Cape Maclear kapena Nkhata Bay munthu mmodzi amalandira alendo, kuperekera zakudya ndi kuwerengera ndalama za tsikulo, ndiye mumaphunzira zambiri msanga koma pokwera mpochepa. Ku malo a m'nkhalango za Liwonde, Majete ndi Nkhotakota, zimene bungwe la African Parks likuyendetsa, antchito ambiri amagona komweko masabata angapo asanapite kwawo. Kwa mtsikana wosakwatiwa zimathandiza kusunga ndalama, kwa mayi wa mwana woyamwa ndi nkhani ina.

Ndiye chochita ndi ichi. Uzani abale kuti ndalama ija aisunge kaye. Muli ndi mwayi umene anzanu a kutali ndi nyanja alibe, chifukwa Senga Bay ali pafupi. Valani bwino, tengani kalata ndi chikalata chanu cha MSCE, pitani m'mawa pakati pa sabata pamene mabwana sali otanganidwa, mukapemphe ganyu ya nthawi ya chikondwerero kapena mwayi wophunzira ntchito kwa mwezi umodzi. Gwirizanani poyambirira za masiku ake ndi chimene adzakupatsani, ngakhale chikhale cha mayendedwe ndi chakudya chokha, kuti mwezi umodzi usasanduke chaka chogwira ulele. Zikakanika, pezani amayi ophikira maukwati m'dera lanu muziwathandiza Loweruka lililonse, kuyambira kosenda usiku wa Lachisanu mpaka kotsuka mapoto omaliza. Pemphani kuti akuikeni kumene kuli ntchito yakuda, osati pakhomo polandirira alendo pokha.

Pa mwezi umenewo muzidziyang'anira. Tsiku loyamba aliyense amasangalala, ndipo sabata yoyamba aliyense miyendo imatupa, ndiye zimenezo sizikuuzani kanthu. Yang'anani sabata yachitatu. Kodi mukadzuka m'mawa mumangomva kutopa kwa thupi, kapena mumamva mantha ndi kunyansidwa? Ntchito ikachuluka, mutu wanu umayera kapena umaima? Mutadzudzulidwa pamaso pa anzanu, mawa lake munakonza cholakwikacho kapena munabwera mutatupa? Kodi mwayamba kuona nokha tebulo losapukuta, mlendo amene akusuzumira uku ndi uku kufuna thandizo, musanatumidwe? Chizindikiro chomalizachi ndi chimene ine ndimayang'ana mwa wophunzira aliyense. Pezaninso mayi amene wagwira pamalopo zaka zambiri, mumufunse za ana ake, za banja lake, za mmene amachitira ndi alendo ovuta. Ngati angalole, apite nanu kwa amayi anu akacheze. Mawu a mzimayi mnzawo amene ali m'ntchitoyo adzawafika pamtima kuposa anga.

Mukatuluka m'mwezi umenewo mtima ukadali pomwepo, sankhani sukulu mosamala. Malawi Institute of Tourism ku Blantyre ndi yodziwika kwa olemba ntchito, ndipo ophunzira ake amayeserera pa alendo enieni ku Alendo Hotel. Mzuzu University ili ndi maphunziro a digiri a zokopa ndi kusamalira alendo, ngati mapointi anu akulola. Palinso makoleji ena ambiri, abwino ndi achinyengo omwe. Musanalipire, fufuzani ngati kolejiyo ndi yovomerezeka ndi mabungwe a boma oyang'anira makoleji, TEVETA kapena NCHE, pitani mukaone ndi maso khitchini yophunziriramo ngati ilidi ndi mbaula, mipeni ndi firiji zogwira ntchito, ndipo funsani mayina a mahotela kumene ophunzira a chaka chatha anakayeserera ntchito. Sukulu yophunzitsa kuphika pa bolodi pokha ikudyerani ndalama. Funsaninso za yunifomu, nsapato, mipeni ndi zophikira za mayeso, chifukwa kawirikawiri sizikhala m'fizi ndipo abale osonkherana ayenera kudziwiratu.

Poona mmene mwalembera, ine ndikanakulangizani kuti muyambe ndi satifiketi ya zophikaphika m'malo mothamangira dipuloma ya utsogoleri. Ndi yaifupi, ndi yotsikirapo mtengo, imakupatsani luso logulitsika ngakhale hotela zitatseka, ndipo dipuloma mungadzaionjezere mukugwira kale ntchito, ndi ndalama zanu. Pakadali pano limbikirani Chingerezi cholankhula, masamu a msanga a pamtima ndi kompyuta, pakuti ngakhale shefu amawerengera mtengo wa mbale iliyonse ndi kulemba maoda a katundu.

Ngati mweziwo ukuonetsani kuti usiku, maholide ndi mkwiyo wa alendo si zanu, bwererani kwa bambo mukakambirane za uphunzitsi ndalama ya abale ikadali yathunthu. Kuphikako mungapitirize Loweruka ndi amayi a maukwati aja, ndipo makeke a pa maoda amaphikidwa ndi aphunzitsi ambiri.